Kukaona malo okumbukira ophedwa a ku Nanjing: tikonzekere bwanji?

Nachisale

Moni nonse akuluakulu. Mu Novembala ndikhala ku Shanghai pa maphunziro a milungu ingapo pamodzi ndi anzanga asanu ochokera kumudzi. Tagwirizana kuti Loweruka lina tipite ku Nanjing tikaone nyumba yokumbukira anthu amene asilikali a Japan anawapha mu 1937. Inu amene mukudziwa bwino malowa tithandizeni. Kodi n'zotheka kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo? Polowa amalipiritsa? Tikatsika sitima tilowere kuti? Mnzathu wina wokhala konko akufuna kutenga mwana wake wa zaka 10, kodi n'koyenera? Chomaliza, pena ndikuwerenga kuti anaphedwa 300,000, pena 200,000, penanso 40,000. Cholondola n'chiti? Sindikufuna kukalankhula zopweteka eni dziko chifukwa cha umbuli.

Wapaulendo_Gulou

Achemwali, chinthu choyamba ndi mwezi umene mwatchulawo. Chaka chilichonse pa 13 Disembala boma la China limachitira pamalo pomwepo mwambo wa dziko lonse wokumbukira ophedwa, ndipo pokonzekera mwambowo amatseka nyumbayi kwa milungu ingapo, kuyambira cha pakati kapena kumapeto kwa Novembala mpaka tsikulo litadutsa. Tsiku lotsekera limasinthasintha ndi chaka, amalilengeza pa akaunti yawo ya WeChat, pulogalamu ya pa foni ya ku China yotumizirana mauthenga. Choncho sankhani Loweruka loyambirira mu Novembala, ndipo musagule tikiti ya sitima musanatsimikize kuti ndi potsegula. Lolemba amatseka chaka chonse.

Kulowa ndi ulere, koma ulerewo ndi umene umasocheretsa anthu. Amaganiza kuti poti palibe tikiti angofika n'kulowa. Muyenera kusungitsa malo pa WeChat masiku angapo tsikulo lisanafike, aliyense ndi dzina lake ndi nambala ya pasipoti yake, mwana yemwe. Zolembedwa pa tsambalo zambiri ndi za Chitchaina, ndiye pemphani mnzanu wa m'kalasi kapena wolandira alendo pa hotelo akudzazireni. Zimene zimalakwika kawirikawiri ndi ziwiri. Wodzazayo amaiwala kusintha mtundu wa chiphaso, n'kusiya pa chitupa cha nzika za China, ndiye makina amakana nambala yanu. China ndi kulemba dzina mosiyana ndi mmene lilili m'pasipoti. Pa tsikulo tengani pasipoti yeniyeniyo, chithunzi cha pa foni musachidalire. Malo a Loweruka ndi Lamlungu amatha msanga.

Kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo n'kotheka. Mtunda ndi pafupifupi makilomita 300. Kwerani sitima zothamanga, zimene nambala yake imayamba ndi G, ulendo wake ndi pakati pa ola limodzi ndi maola awiri, mtengo wa kalasi yachiwiri cha m'ma yuan 150. Za K ndi zotchipa koma zimadya theka la tsiku. Matikiti gulani pa 12306, tsamba la kampani ya sitima za ku China, ndi pasipoti. Pa siteshoni lowerani pa geti pamene paima munthu woona ziphaso, chifukwa mageti ena a makina sawerenga mapasipoti akunja, ndipo amatseka mphindi zingapo sitima isananyamuke.

Mungatsikire pa Nanjing South kapena pa siteshoni yakale ya Nanjing ya m'mbali mwa nyanja ya Xuanwu, zonse zili pa Line 1 ya sitima ya pansi pa nthaka. Kwerani Line 1 mpaka Xinjiekou, musinthe mukwere Line 2 yolowera kumadzulo. Mudutsa Shanghailu, Hanzhongmen, Mochouhu, ndipo wachinayi ndi Yunjinlu, potsikira panu. Tulukirani pa khomo 2. Pa Xinjiekou pali makomo oposa 20 ndi khamu losaneneka, ndiye ngati muli gulu tsatani mtundu wa Line 2 pa zikwangwani, musatuluke pa mageti. Kapena kwerani Line 3 mukasinthire pa Daxinggong, pamene pali phokoso lochepa. Ngati mwasankha takisi, adilesi ndi 418 Shuiximen Dajie, koma kungonena dzina la nyumbayi m'Chitchaina, Jiangdongmen Jinianguan, woyendetsa amamva.

Amatsegula 8:30 m'mawa ndipo cha m'ma 4:30 madzulo amasiya kulowetsa anthu. Werengerani maola atatu, osachepera awiri ndi theka. Njira ya mkati ndi imodzi yopita kutsogolo, ndipo potulukira pali kutali ndi polowera, choncho musapangane kuti "tikumana pa geti" osanena geti lake. Mbali yaikulu ndi ya panja, pa miyala. Mu Novembala valani juzi yabwino ndi nsapato zafulati. Amene adzapite mu Julayi kapena Ogasiti atenge madzi ndi ambulera, poti Nanjing amatentha kupitirira madigiri 35 ndipo pa bwalopo palibe mthunzi.

Mphunzitsi_wa_Mbiri

A Wapaulendo afotokoza bwino za njira. Ine ndionjezere za chimene mukukaona, chifukwa munthu akalowa osadziwa nkhani yake amatopa ndi zithunzi asanafike pa malo enieni.

Nkhondo ya pakati pa Japan ndi China inabuka mu Julayi 1937. Shanghai anagwa mu Novembala atamenyanirana miyezi itatu, ndipo asilikali a Japan analunjika ku Nanjing, limene linali likulu la dziko. Boma la Chiang Kai-shek linasamuka. Mkulu wa asilikali amene anasiyidwa kuti ateteze mzinda, Tang Shengzhi, analamula kubwerera m'mbuyo pa 12 Disembala popanda dongosolo, ndipo asilikali zikwizikwi anapanikizana pa chipata cha Yijiangmen ndi pa doko la Xiaguan, kutsogolo kwawo mtsinje wa Yangtze, mabwato palibe. Ambiri anavula yunifolomu n'kusakanikirana ndi anthu wamba. Mzinda unagwa pa 13 Disembala. Kuyambira pamenepo kwa milungu isanu ndi umodzi kunali kupha, kugwiririra amayi, kulanda katundu ndi kutentha nyumba. Asilikali a Japan ankagwira amuna n'kumawaona m'manja ngati muli khungu lokhuthala, pa phewa ngati pali chipsera cha katundu, pa mphumi ngati pali mzere wa chipewa, ati zizindikiro za msilikali. Mlimi, wonyamula katundu pa doko, wokoka ngolo ya anthu, onsewo zizindikirozo anali nazo. Ankawamanga m'magulu n'kukawaombera m'mbali mwa mtsinje.

Jiangdongmen, pamene pali nyumbayi, ndi amodzi mwa malo amene anthu anaphedwerapo ndi kukwiriridwa. Ichi ndiye chofunika kuchigwira: mukupita kumanda, ndipo nyumba yoonetsera zinthuyo inamangidwa pamwamba pa mandawo. Inatsegulidwa pa 15 Ogasiti 1985, patatha zaka zitatu chibukire mkangano wa 1982 wa mmene mabuku a sukulu a ku Japan ankafotokozera nkhondoyi. Gawo loyamba analikonza Qi Kang. Anaikulitsa mu 1995, kenaka kwambiri mu 2007 pa pulani ya He Jingtang, ndipo mu 2015 anaonjezera holo ya chigonjetso.

Musanalowe muona chosema chachitali kuposa mamita 10 cha mayi atanyamula mwana wakufa, nkhope itayang'ana kumwamba, ndi ziboliboli zina za anthu othawa zondandalikidwa m'mbali mwa madzi. Wosema ndi Wu Weishan. Kenaka bwalo lalikulu la miyala yakuda yophwanya, imene imalira pansi pa nsapato, khoma lolembedwa 300,000 m'zilankhulo zambiri, chipilala chooneka ngati mtanda cholembedwa masiku a kuphako, ndi belu la mtendere. Pa bwalo limeneli ndi pamene mwambo wa 13 Disembala umachitikira kuyambira 2014. Pa 10:01 m'mawa tsikulo ma sayirini amalira mumzinda wonse, magalimoto n'kuima.

Holo yaikulu ili pansi, mumdima, mawu ofotokozera ali m'Chitchaina, Chingerezi ndi Chijapani. Musayese kuwerenga chilichonse, simungathe. Mbali ya nkhondo ya ku Shanghai idutseni msanga, nthawi yanu muisungire zinthu zitatu.

Choyamba ndi mbali ya dera la chitetezo. Azungu ochepa amene anakana kuchoka, amishonale, aphunzitsi, madokotala ndi amalonda, anapatula dera losafika masikweya kilomita 4 pakati pa mzinda n'kusungamo anthu oposa 200,000. Wapampando wawo anali John Rabe, Mjeremani wogwira ntchito ku Siemens, membala wa chipani cha Nazi, amene ankathamangitsa asilikali ogwiririra powaonetsa chizindikiro cha chipanicho pa mkono, poti Germany anali bwenzi la Japan. Minnie Vautrin anasunga amayi ndi ana pafupifupi 10,000 pa Ginling College. Dokotala Robert Wilson ndiye anatsala yekha wochita maopaleshoni pa chipatala cha yunivesite. M'busa John Magee anajambula kanema mobisa ndi kamera ya 16mm, ndipo George Fitch anaitulutsa mumzinda ataisokerera mkati mwa jasi. Kamerayo ili momwemo.

Chachiwiri ndi opulumuka. Xia Shuqin anali ndi zaka 8, m'banja la anthu asanu ndi anayi anaphedwa asanu ndi awiri, iye anabayidwa katatu n'kutsala ndi mng'ono wake wa zaka 4. Li Xiuying anali woyembekezera, anabayidwa ka 37, mimba inachoka koma iye anakhala moyo mpaka 2004. Pali khoma la zithunzi za opulumuka chimene chilichonse chili ndi nyali yake, ndipo mwini wake akamwalira nyaliyo amaizimitsa. Pofika 2017 amoyo anali osakwana 100.

Chachitatu chili kumapeto kwa holo: kachipinda kamdima kamene dontho la madzi limagwa pa masekondi 12 aliwonse, chithunzi chimodzi n'kuwala n'kuzima. Mukagawa milungu isanu ndi umodzi ndi 300,000 mupeza masekondi 12.

Mukatuluka panja musaganize kuti mwamaliza. Anthu ambiri amathera mphamvu mu holo, gawo lakale n'kulidutsa mothamanga, pamene ndi lomwe lili pa manda. Pali njira ya mkuwa yodindidwa mapazi a opulumuka 222, ena osavala, ena ang'onoang'ono opindika a agogo amene anamangidwa mapazi ali ana. Pali khoma la mayina oposa 10,000, ena mwa iwo osakhala mayina enieni koma oti "mkazi wa uje" kapena "mwana wachiwiri wa uje", chifukwa wodziwa dzina sanatsale. Kenaka holo ya dzenje, mmene mafupa a anthu 208 ofukulidwa mu 1998 ndi 1999 anasiyidwa pomwe anapezeka, m'mizere yosanjikizana, lililonse ndi nambala yake. Pali a makanda, a okalamba, ndi zigaza zoboola.

Mukaona chizindikiro cha swastika, chofanana ndi cha Nazi, pa zithunzi za anthu okwirira mitembo musadabwe. Limenelo linali bungwe lachifundo la Chitchaina la Red Swastika Society, losakhudzana ndi Nazi. Kaundula wawo wa mitembo yoposa 40,000 ndi umodzi mwa maumboni a pa milandu.

Kalaliki_Wakale

Mayi Nachisale, ndiyankhe la chiwerengero lokha, poti manambala atatu mwatchulawo onse ali ndi kumene anachokera.

300,000 inachokera ku khothi la milandu ya nkhondo limene linakhala ku Nanjing komweko. Pa chigamulo cha mlandu wa Tani Hisao, mtsogoleri wa gulu lachisanu ndi chimodzi la asilikali a Japan, mu 1947, khothi linaphatikiza anthu oposa 190,000 ophedwa m'magulu, mitembo yawo n'kutenthedwa kapena kutayidwa mumtsinje, ndi oposa 150,000 okwiriridwa ndi mabungwe achifundo, n'kunena kuti onse pamodzi ndi oposa 300,000. Tani anaomberedwa ku Yuhuatai mu Epulo 1947. Nambala imeneyi ndiyo ya boma la China, ndiyo ili pa makoma.

Yoposa 200,000 ndi ya khothi la mayiko ku Tokyo mu 1948, limene linanenanso kuti amayi pafupifupi 20,000 anagwiriridwa m'mwezi woyamba wokha. Khothi limenelo linagamula kuti Matsui Iwane, mkulu wa asilikali onse a m'chigawocho, anyongedwe, ndipo ananyongedwa pa 23 Disembala 1948. Kalonga Asaka, amene ankalamulira asilikali pa Nanjing penipeni, sanazengedwe mlandu chifukwa anali wa banja lachifumu.

40,000 ndi ya katswiri wa mbiri wa ku Japan, Hata Ikuhiko. Mnzake Kasahara Tokushi, Mjapani yemwenso, amati ndi oposa 100,000, mwina kuyandikira 200,000.

Kusiyanaku gwero lake ndi mafunso atatu. Mukuwerenga dera liti, mkati mwa linga la mzinda mokha kapena ndi maboma ozungulira? Mukuyambira liti, pa 13 Disembala kapena pamene asilikali ananyamuka ku Shanghai akupha m'midzi ya m'njira? Ndipo ndani amene mukumuwerenga, anthu wamba okha, kapena ndi asilikali amene anagonja n'kuphedwa atamangidwa manja? Funso lachitatuli ndi lolemera, chifukwa kupha kwakukulu kwa m'magulu kunali kwa akaidi. Pa Caoxiexia pokha, m'mbali mwa Yangtze, khothi la Nanjing linati anafa oposa 57,000. Kuonjezera apo asilikali a Japan anatentha mapepala awo ambiri mu Ogasiti 1945, mitembo yambiri inapita ndi madzi, ndipo kaundula wa bungwe lina lokwirira, Chongshantang, wa anthu oposa 110,000, akatswiri ena amamukayikira.

Mwa kuona kwanga, nambala yotsikitsitsayo imadalira kwambiri kuchotsa akaidi ena pa chiwerengero ngati kuti anafera pa nkhondo, ndipo munthu womangidwa manja sali pa nkhondo. Koma kukangana kwa akatswiri pa kuchuluka ndi nkhani ina, kukana kuti zinachitika ndi inanso. Boma la Japan lenilenilo limavomereza kuti anthu wamba anaphedwa ndi kulandidwa katundu, limangoti chiwerengero n'chovuta kutsimikiza. Okaniratu alipo, ndipo mmodzi wa iwo, Higashinakano Shudo, analemba kuti Xia Shuqin ndi mboni yabodza. Gogoyo anamusumira ku Tokyo n'kupambana mu 2007, khothi lalikulu n'kutsimikiza mu 2009. Mu 2015 UNESCO inalandira zikalata za nkhaniyi m'kaundula wake wa zokumbukira za dziko lapansi, Japan n'kukwiya mpaka kuchedwetsa ndalama zake za ku bungwelo.

Pamalopo musayambitse mtsutso wa manambala. Pamaliro sitifunsa ofedwa kuti atsimikize matenda. Wina akakufunsani, nenani kuti mwaona ndipo mwamva chisoni, basi. Dziwaninso kuti kuyambira Disembala 2018 mzinda wa Nanjing uli ndi lamulo loletsa kukana kapena kunyoza nkhaniyi, ndi kujambulitsa mutavala za asilikali a Japan pa malo oterewa. Chaka chomwecho anyamata awiri anatsekeredwa masiku 15 chifukwa cha zithunzi zotero pa phiri la Zijin.

Anaphiri_Suzhou

Za mwanayo palibe wayankha. Ana a sukulu a ku China amabwera nawo m'magulu, ndiye pa geti sakam'bweza. Koma mu holo muli zithunzi zenizeni za mitu yodulidwa ndi za amayi ogwiriridwa, zazikulu, pa msinkhu wa maso a mwana, ndipo njira ndi yopapatiza, khamu likukankha kumbuyo, kubwerera n'kovuta. Kwa wa zaka 10 ine ndingati wamkulu mmodzi atsogole masitepe angapo, aziona chimene chikubwera, kholo lizimutembenuza mwana pamene pafunika. Holo ya mafupa mungathe kumufotokozera ali panja, asankhe yekha. Kumapeto kuli dziwe lalitali ndi chipilala cha mtendere cha mamita 30, mayi wanyamula mwana ndi nkhunda, kumeneko ndi kumene angapume.

Zovala zikhale zakuda kapena zosawala. Ngati mukufuna kuika maluwa, a maliro ku China ndi oyera kapena achikasu otchedwa juhua. Ofiira ndi a ukwati ndi chikondwerero, musatenge. Foni ikhale chete, mu holo ya mafupa musajambule, ndipo zithunzi zomwetulira pa khoma la 300,000 zisiyeni. Ife anthu akuda ku China timaonekera patali, gulu lanu likamaseka aliyense atembenuka. Idyani musanalowe, mkati si modyera.

Pa zopita ndi kubwerera tsiku lomwelo ndisiyana pang'ono ndi a Wapaulendo. N'zotheka, inde, koma ngati thumba likulola gonani. Mukatuluka m'menemo mutu umakhala wolemera, ndipo malo ena a nkhani yomweyi ali m'tauni. Posungitsa hotelo funsani kaye ngati amalandira alendo akunja, chifukwa ang'onoang'ono ena amabweza munthu wa pasipoti usiku.

Nachisale

Zikomo kwambiri nonse, tasintha tsiku, tipita Loweruka loyamba la Novembala. Anaphiri, malo enawo ndi ati? Ngati tilowa m'mawa, masana tingakwanitse angati?

Mphunzitsi_wa_Mbiri

Awiri, mukafulumira. Holo ya chigonjetso ya 2015 ili pomwepo potulukira, imafotokoza nkhondo yonse mpaka kugonja kwa Japan mu 1945. Ngati nthawi yachepa idumpheni, ngakhale kuti ili ndi kachingwe kotikhudza, poti asilikali a KAR (King's African Rifles) a ku Nyasaland anamenyana ndi Japan yemweyo ku Burma mu 1944.

Nyumba ya John Rabe ili pa Xiaofenqiao nambala 1, m'mphepete mwa Nanjing University. Bwererani pa Line 2 mpaka Xinjiekou, Line 1 siteshoni imodzi kulowera kumpoto, mutsike pa Zhujianglu. Pa bwalo la nyumba imeneyo anasungapo anthu oposa 600, ndipo mukaona kuchepa kwake mumvetsa mmene anapanikizirana. Masiku ake otsegula ndi osiyana ndi a ku Jiangdongmen, ndiye funsani musananyamuke, makamaka poti lanu ndi Loweruka. Chipatala cha Gulou, kumene Wilson ankagwira ntchito, chili pafupi ndipo chikugwirabe ntchito. Ginling College lero ndi gawo la Nanjing Normal University pa msewu wa Ninghai, koma kulowa m'mayunivesite kumafuna chilolezo cha pa geti.

Ena ndi a Lijixiang, pafupi ndi siteshoni ya Daxinggong pa Line 2, nyumba zimene asilikali a Japan ankasungiramo amayi owagwiririra mokakamiza. Anazitsegula ngati chikumbutso mu Disembala 2015 ndipo zili pansi pa ulamuliro wa nyumba ya ku Jiangdongmen, koma malo amasungitsa padera. Kumeneko mwanayo asapite. Kuchokera pa Daxinggong, Line 3 ikutengerani molunjika ku Nanjing South. Tikiti yobwerera iguleni limodzi ndi yopita, ya cha m'ma 7 madzulo, chifukwa Loweruka sitima za ku Shanghai zimadzaza ndipo pa siteshonipo pamafunika mphindi 30 za kusechedwa ndi kupeza geti.